Mkazi Asakudumpheni

Joni, 6 Epulo 2025

Wokondedwa mayi a Titho,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inuyo, Tithokoze ndi apongozi kumeneko ku Nancholi. Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwayamba msanga chaka chino.

Musaseke kuti ndayamba kulemba makalata ngati agogo a kumigodi. Vuto ndi inu nomwe. Ndikaimba foni mumaika pa sipika, ndiye ndimapezeka ndikucheza ndi nyumba yonse, ngakhalenso aneba obwera kudzapala moto. Hafizi, kondakitala wa basi ya Lachisanu uja, wavomera kumanditengera makalata. Muzikamudikira pa Wenela Lamlungu.

Nkhani yabwino ndi iyi: Madamu, mwini kampani yathu ya zovinavina, andipatsa mwayi wopeka gule wangawanga. Chifikireni kuno ndili kamnyamata, mphunzitsi wa balei uja atanditola ndikupidiguka m'malere pabwalo la sukulu ku Ndirande, ndakhala ndikuvina zopeka anthu ena. Tsopano ndili ndi zaka 34, ndipo pa ntchito yathuyi wa zaka zimenezo ndi nkhalamba. Gule wanga adzaonetsedwa mu Ogasiti. Akasangalatsa, andilemba ntchito yopeka magule ndipo pemiti yanga aionjezera. Akapanda kusangalatsa, pemiti itha mu Disembala, mudzandilandira pa Wenela ndi chikwama chodzaza timabuluku tothina tija apongozi amati ndinabera mwana.

Guleyu ndi wa amayi anga. Mukukumbukira zimene munandiuza nditafika ku Manje, namondwe wa Freddy atakokolola nyumba ndi amayi momwemo? Munati, "Bambo a Titho, sabata yonse takhala tikuyenda pamatopepa kufuna amayi. Mwina timawadutsa pamwamba osadziwa." Mawu amenewo sanandichoke. Ndiye pakati pa guleyu ine ndimagona pansi, ndimakhala amayi. Azimayi asanu amabwera akuthamanga, akuitana, n'kumandidumpha mmodzimmodzi osandiona. Pamapeto ndimadzuka pang'onopang'ono n'kuyenda kulowera kumene kuli kuwala. Mtembo sitinaupeze, Idah. Ndikufuna amayi adzuke, ngakhale pasiteji pokha.

Ndalama ndatumiza pafoni. Gulani simenti isanakwerenso, muisanje pamatabwa, osati pansi ngati ulendo uja. Titho mumugulire nsapato zasukulu zokulirapo, mwana ameneyu phazi akutengera ine.

Msana ukumandiwawako ndikadzuka m'mawa, koma ndi zazing'ono. Izi musawauze apongozi.

Ndine wanu,
Maziko

Joni, 4 Meyi

Mayi a Titho,

Moni kwa nonse. Kalata yanu ndalandira, pamodzi ndi usipa ndi kambuzi. Ndasangalala kumva kuti chifuwa cha Titho chatha. Ine ndikudzuka, ndikupita kuntchito.

Ndinati musawauze apongozi za msana. Ndime yachiwiri ya kalata yanu ikuyamba ndi "amayi akuti". Zikomo kwambiri, mumasunga chinsinsi ngati mmene lichero limasungira madzi.

Poti mwadziwa kale nonse, ndinene zoona. Si zazing'ono. Ululu umayambira m'chiuno n'kutsika mwendo wamanzere mpaka kuchidendene. M'mawa uliwonse timayamba ntchito titagwira chitsulo chakukhoma, kupinda mawondo ndi kutukula miyendo, ndipo ine ndayamba kusankha malo akumbuyo, kutali ndi galasi. Lachitatu ndikunyamula Palesa, mtsikana amene ndimavina naye, ndinamva ngati wina wandibaya ndi waya wamoto. Ndinamutsitsa bwinobwino ndikumwetulira, chifukwa ife amatiphunzitsa kumwetulira tisanaphunzire china chilichonse. Kenako ndinakakhala m'chimbudzi mpaka thukuta litauma.

Mukufunsa kuti bwanji osapita kwa mayi wa fizio wa kukampani, uja amatiwongola minofu. Mayi ameneyo chilichonse chimene wapeza amakanena kwa Madamu, ndiyo ntchito yake. Chaka chatha mnzathu wina anamupeza ndi vuto la bondo, lero akugulitsa zikwama m'tauni. Madamu sangapereke gule kwa munthu wothyoka.

Ndinayesa kukiliniki ya kufupi ndi kumene ndimakhala. Pageti panaima anthu ena, osati manesi, osati apolisi, akufunsa aliyense chiphaso ndi kumene anabadwira. Mayi wina anabwezedwa ali ndi mwana kumsana, ndipo podutsa pafupi nane ndinamumva akumutonthoza m'Chichewa. Ndinayang'ana kumbali ngati sindinamve. Pemiti ndili nayo, koma anthu amenewo sawerenga mapepala, amangomvetsera lilime. Ndinabwerera. Zina zimene zikuchitika mumsewu mwathu ndidzakuuzani pamaso.

Za a Malizani, asing'anga a ku Phalombe amene apongozi akuti ali konkuno ku Turffontein: Idah, ine ndi munthu woimba kwaya. Ndakhala kuno zaka zonsezi osatemera mphini ngakhale imodzi. Auzeni apongozi kuti ndathokoza, koma ayi.

Mmisiri akafuna kuyamba denga muuzeni adikire, ndione kaye zithunzi za khoma.

Komabe nambala ya a Malizaniyo mungotumiza, ikhale.

Wanu,
Maziko

Joni, 25 Meyi

Mayi a Titho,

Muli bwanji nonse? Titho mumupatse moni, muuzeni kuti chithunzi chake chojambula pamanja ndachimata pakhoma, ngakhale wandipatsa miyendo ya dokowe. Ine ndili bwinoko.

Ndinapita. Anzanga akukwaya asamve.

A Malizani amakhala m'kachipinda kuseri kwa galaja. Ndinkayembekezera nkhalamba ya mikanda, ndinapeza bambo wa jekete lachikopa akuonera mpira pafoni. Anandigoneka chafufumimba pamkeka, n'kunditema ndi lezala m'chiuno mbali zonse ziwiri, n'kupakamo zakuda zowawa ngati tsabola. Atatha anati:

"Achimwene, mankhwala angawa ali ndi lamulo limodzi basi. Mkazi asakudumpheni mpaka mvula yoyamba itagwa. Kaya ndi akazi anu, kaya ndi mwana wamkazi, mukagona pansi azilambalala."

Ndinaseka, ndinati mkazi wanga ali ku Blantyre, andidumpha ndani. Ndinalipira n'kutuluka. Nditafika pokwerera tekisi m'pamene ndinakumbukira. Azimayi asanu, Idah! Gule yense waima pamenepo. Ndinabwerera chothamanga.

"Bambo, nanga akandidumpha kuntchito? Ndi gule chabe, zongoyerekeza."

"Gule wanji wodumphana?"

Ndinawafotokozera. Anazimitsa foni.

"Mankhwala sadziwa kuti uyu akusewera. Akakudumphani, miyendo imeneyi muiiwale. Bwanji simunanene ndisanateme?"

Atandifunsa poyamba za ntchito yanga ndinangoti ndimanyamula zolemera. Mwamuna wamkulu ungauze munthu wakwanu kuti ntchito yako ndi kugona pansi azimayi n'kumakudumpha?

Mvula kuno imayamba mu Okutobala. Gule ndi wa mu Ogasiti.

Choipa kwambiri n'chakuti msana wapepukadi. Sabata ino ndanyamula Palesa osamva kanthu. Zikanapanda kugwira ntchito, bwenzi ndikuseka lamulo lawolo. Koma ngati mankhwalawa ali ndi mphamvu yochiza, ndiye kuti mphamvu inayo alinso nayo. Ndikuopa, mayi a Titho.

Malata musagule opyapyala aja ngakhale ndi otchipa, mphepo ya ku Nancholi mukuidziwa. Mng'ono wanu amene akufuna kubwera kuno kudzasaka ntchito muuzeni asabwere chaka chino. Asafunse chifukwa, angomvera.

Wanu,
Maziko

Joni, 22 Juni

Mayi a Titho,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Kuno kukuzizira koopsa, m'mawa udzu umachita kuyera. Ine ndilipo.

Zithunzi za nyumba ndaona. Zenera la kuchipinda kwa Titho lapendekeka, mmisiri asakunamizeni kuti ndi kamera.

Mwafunsa kuti ndikuchita bwanji pa pulakatisi. Ndasanduka tambwali. Ikafika nthawi yogona pansi, ndimavula jekete n'kuliyala pamalo pangapo, ine n'kukaima kutsogolo. Ndimati wopeka gule ayenera kuona ndi maso ake. Ndiye mwezi wathunthu azimayi asanu akhala akudumpha jekete. Palesa akuti jeketelo likuvina bwino kuposa mwini wake, kontilakiti alipatse lomwelo.

Ndinawaphunzitsa kuitana m'Chichewa. Akamathamanga amakuwa kuti, "Amayi! Amayi!" Tsiku loyamba kumva zimenezi ndinatuluka panja.

Sabata yatha ndinayesa kusintha. Ndinawauza kuti asamadumphe, azingolambalala. Madamu anakhala pampando wawo kuonerera mpaka kumapeto, kenako anandiitanira pambali.

"Maziko, wachita chiyani? Dzulo ndimaona anthu akusaka mayi wawo. Lero ndikuona anthu akuzemba chithaphwi."

"Ndimaopa angavulale, Madamu."

"Amenewa akhala akudumpha moyo wawo wonse. Bwezera mmene zinalili, apo ayi ndilibe choonetsa mu Ogasiti."

Chondipweteka n'chakuti akunena zoona, ndinaziona ndekha. Ukachotsa kudumpha kuja, amayi mulibemo m'guleyu.

Ululu wabwerera, ndipo tsopano zala ziwiri za phazi lamanzere zachita dzanzi losatha. Mapiritsi ogula pashopu ndikumwa ngati mtedza. Mayi wa fizio wakhala akundiitana kuti andione, akuti ndimatsimphina ndikaiwala kuti akundiyang'ana. Ndikumuthawa. Kwa iye umavula malaya, ndiye akaone mphini zonsezi? Kuno mlendo akangomveka kuti ali ndi mankhwala, nkhani yake siitha bwino. Anganene kuti mwayiwu ndinaupeza ndi zitsamba. Ngakhale posintha zovala ndimachita kutsamira khoma.

Mukaimba foni ndili mutekisi, ine n'kuyankha m'Chingelezi, musakwiye. Sikunyada ayi.

Wanu,
Maziko

Joni, 20 Julayi

Mayi a Titho,

Moni kwa nonse. Pepani kuti maulendo apitawa Hafizi anafika chimanjamanja. Ndinkalemba n'kung'amba.

Kalata yanu ndaiwerenga kangapo. Mukuti malo ogona pansiwo ndipatse mwamuna wina, kapena ndingosiya zonse ndibwere, tidzadya zomwe zilipo. Ndinawafunsa Madamu za munthu wina. Anandionetsa mapositala, apachikidwa kale m'tauni: nkhope yanga, dzina langa, ndi mawu oti mwana akuvinira mayi ake. Amene akulipirira chionetserochi akufuna zimenezo.

Koma ndisanamizire Madamu okha. Tsiku limene phiri la Soche linatsika, ine ndinali kuno pasiteji, nditapaka zodzoladzola kumaso, ndikuvina gule wa chikondi. Inu munakumba ndi manja, ine ndinafika matope atayamba kuuma. Ndiye lero ndilembe munthu waganyu kuti akagone m'malo mwa amayi anga? Sindingathe, Idah.

Za kubwera, ndidzagwira ntchito yanji? Ku Makata kulibe fakitale yolemba munthu woima ndi zala zakuphazi.

Loweruka ndinapita ku Turffontein kuti a Malizani akasukuluze mankhwala awo. Ndinapeza chitseko chili pansi, mkeka uja uli panja pafumbi. Mwini nyumba anayankhula nane pazenera osatsegula. Akuti kunabwera gulu la anthu mkati mwa sabata, alendo onse a mumsewu umenewo anathawa, ndipo sakudziwa kumene bamboyo analowera. Foni yawo siikugwira. Ngati apongozi akudziwa abale awo ku Phalombe afunse, koma mwachangu.

Ndimayesa kudzilimbitsa mtima. Ndimati ine ndinapita kusukulu, ndikudziwa dzina la mnofu uliwonse m'thupi mwangamu. Ndikatero ndimatsina zala zija, osamva kanthu, mantha n'kubwereranso. Akandidumpha ndikuopa miyendo yanga. Akapanda kundidumpha gule wafa, ntchito yatha, nyumba ikhala yopanda denga. Tulo ndikugona tochepa.

Mwati Titho akumaima ndi zala pakhonde, apongozi n'kumamukalipira. Asamukalipire. Koma muuzeni asamachite pasimenti, azichita paudzu, ndipo mawondo aziloza kumene zala zaloza.

Wanu,
Maziko

Joni, 15 Ogasiti, m'mawa

Idah,

Ndili bwino. Ndikulemba mothamanga, Hafizi anyamuka masana.

Ndi lero. Matikiti atha onse. Dzulo pa pulakatisi yomaliza ndinanamanso kuti ndikufuna kuona kayakidwe ka magetsi ndili pampando wa oonerera, jekete linagwira ntchito yake komaliza. Lero kulibe jekete.

A Malizani sanapezeke. Ndapemphera. Sindikudziwa ngati Mulungu amamva munthu wa mphini zatsopano, koma ndapemphera.

Pamene muziwerenga izi zidzakhala zitachitika kale. Zikayenda bwino mudzandiseka chaka chathunthu, ndipo ndidzakulolani. Zikapanda kutero, nyumba mumalize ndi zimene zilipo, chipinda chimodzi chikwanira. Pakhomo pasakhale masitepe.

Mukapeza mpata mupite ku Manje, pamwala waukulu uja unaima pomwe panali khitchini. Mukawauze amayi kuti ndinawavinira.

Maziko

Joni, 7 Sepitembala

Wokondedwa mayi a Titho,

Moni kwa inu, Titho ndi apongozi. Ine ndikadali m'chipatala. Pafoni ndakhala ndikuti ndi zazing'ono chifukwa ndimamva Titho akupumira pa sipika. Kalata iyi muwerenge muli nokha. Palesa ndi amene akaipereke kwa Hafizi.

Gule anayamba bwino. Ndinanyamula Palesa, ndipo pomutsitsa ndinamva kanthu kakuphulika m'chiuno, koma nyimbo inali ikupita. Nthawi itakwana ndinagona. Matabwa anali ozizira. Ndinamva mapazi akubwera, siteji ikunjenjemera pansi pa tsaya langa, mawu akuitana, "Amayi! Amayi!" Woyamba anadutsa, mphepo ya siketi yake inandikhudza khutu. Wachiwiri anadutsa. Ndinkafuna kukuwa kuti imani, ndili pano. Palesa anadumpha komaliza, phazi lake linatera pafupi ndi dzanja langa, n'kupitirira akuitanabe.

Kenako nyimbo inasintha, nthawi yoti ndidzuke. Ndinaiuza miyendo kuti tiyeni. Sinamve. Ndinayesanso, manja okha ndi amene ankakanda matabwa. Kuwala kuja kunayaka kumbali kundidikira, ine ndikungokandakanda pansi, mpaka nyimbo inatha, magetsi anazima. Holo yonse inati zii. Kenako anthu anaimirira n'kuyamba kuomba m'manja, ena akulira. Ankaganiza kuti ndi mmene ndinapekera. Katani itatsekedwa, Palesa anabwera akuseka kudzandikoka dzanja, ndipo atandiona kumaso anasiya kuseka.

Mayi wa fizio uja ndi amene anandidula malaya ndi sizasi ambulansi isanafike. Anaona mphini zonse. Ndinatsinzina ndi manyazi. Iye anandigwedeza phewa, anapinda mkono wa juzi yake n'kundionetsa zake padzanja. Akuti anamutemera agogo ake ali mwana.

"Ndiye umandithawa chifukwa cha izi?" anatero.



Adokotala akuti kanthu kofewa kokhala pakati pa mafupa a msana kanatuluka kalekale n'kumatsina mitsempha, tsiku limenelo kanangomalizitsa. Andichita opaleshoni. Akuti ndikanaonedwa mu Meyi bwenzi ili nkhani yaing'ono. Mwendo wamanja wayamba kumva. Wamanzere sakulonjeza kanthu. Kuyenda mwina ndidzayenda, ndi ndodo. Nditafunsa za kuvina anangoyang'ana pansi.

Musandifunse ngati ndikukhulupirira adokotala kapena a Malizani. Masana ndimakhulupirira adokotala. Apongozi asadziimbe mlandu, ndipo inu musakangane nawo. Iwo anangopereka nambala, miyendo yopitira kumeneko inali yanga.

Kontilakiti andipatsa. Madamu anabwera nayo konkuno, akuti gule munthu atha kupeka ali pampando. Pemiti aionjezera, denga mukhoma. Zonse zimene ndinkafuna zija ndazipeza, Idah, ndipo atatuluka ndinalira ngati mwana. Masitepe aja musaike.

Pali chimodzi chimene sindingauze munthu wina koma inu. Zaka ziwirizi ndakhala ndikudzitonthoza kuti amayi anapita nthawi yomweyo, sanamve kanthu. Nditagona paja, anthu akuitana pamwamba panga ine osatha kudzuka, ndinadzifunsa kuti, nanga ngati ankakumvani? Maganizo amenewa sakundichoka, ndipo akundiopsa kuposa mwendowu. Bwerani, ngakhale sabata imodzi. Titho atsale ndi apongozi. Hafizi ndamuuza, akusungirani mpando wakutsogolo, ndipo mukafika musayankhule ndi aliyense mpaka Palesa atakupezani.

Guleyu akupita ku Cape Town mwezi wamawa, pamalo panga pagona wovina wina. Dzulo Madamu anandifunsa ngati iyeyo azidzuka pamapeto monga ndinapekera poyamba. Ndawauza kuti asamadzuke.

Ndine wanu,
Maziko